Ndikugula malo a mitengo ku Makwasa koma pulani ya mwini wakale sikupezeka

Mphukira_Makwasa:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru zanu makamaka inu amene munagwirapo ntchito za nkhalango kapena m'maesiteti. Ndili mkati mogula malo mbali ya ku Makwasa, mahekitala 7, ndi a liizi ndipo pafupifupi onse ndi mitengo, bulugamu kumunsi ndi paini kumtunda. Mwini wake anamwalira, akugulitsa ndi ana ake ndipo onse amakhala m'tauni. Anthu oyandikana nawo akundiuza kuti malemuwo anali munthu wadongosolo, anali ndi pulani imene anapanga ndi alangizi a za nkhalango, mbali iyi idulidwa chaka chakuti, iyo chaka chakuti. Anawo ndawafunsa akuti sakudziwa kanthu, iwo akugulitsa malo basi. Nde funso langa, kodi pulani imeneyi imayenda limodzi ndi malo? Ndikagula indimanga kapena ndiyamba yanga? Nanga ngati pepalalo linatayikadi ndiyambire pati? Ndapereka dipoziti yokha, ndalama yotsala sindinapereke.

Chiperoni_77:
Malo mukalipira ndi anu basi. Pepala la munthu amene anatisiya lingakumangeni bwanji? Dulani mmene mukufunira amwene.

NaBanda_waLuchenza:
Musanapite patali, anawo ali ndi makalata a kukhoti oyendetsera chuma cha masiye? Ngati liizi ikadali m'dzina la bambo awo ndipo makalatawo alibe, chilichonse chimene angakusainireni n'chosagwira.

Mphukira_Makwasa:
Ali nawo mayi, ndawaona ndi maso anga, ndipo loya akuyendetsa zopempha chilolezo ku unduna wa za malo kuti liizi isinthe dzina. Mbali imeneyo ili bwino. Chikundisowetsa mtendere ndi cha mitengochi.

Kapitawo_wakale:
A Chiperoni musafulumire. Kumangidwa ndi pepala ndi nkhani ina, kulifuna pepalalo ndi nkhani inanso. Ine ndinagwira ntchito nthawi yaitali ku gawo la mitengo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, komwe bulugamu timadzalira nkhuni za boyila youmitsira tiyi, nde ndikulankhula zimene ndinkazigwira ndi manja. Bulugamu mukamudula amaphukira pachitsa. Ngati mukufuna nkhuni ndi mapolo mumadula koyamba ali ndi zaka 7 kapena 8, n'kusiya mphukira zikule, kudulanso kachiwiri, kenako kachitatu. Zikafika pamenepo zitsa zambiri zimayamba kufa, zotsalazo zimatulutsa timitengo toonda tosapindula, ndipo pamafunika kudzala mbande zatsopano munda wonse, ntchito imene ndalama yake si yamasewera. Tsono munthu wobwera lero akaima pamsewu n'kuona munda uli biriwiri, adziwa bwanji kuti uwu ndi wodulidwa kamodzi kapena uli kumapeto kwa moyo wake? Minda iwiri ikhoza kuoneka chimodzimodzi koma wina ukupatsani zokolola ziwiri kutsogoloku, winawo ukudyerani ndalama chaka cha mawa chomwe. Paini ndiye saphukira n'komwe, mukadula kwatha, ndipo kuti atulutse matabwa abwino amafuna zaka 20 kupita mtsogolo, kupatulira pa nthawi yake ndi kusadzira nthambi ali wamng'ono. Amene sanasadzidwe matabwa ake amadzadza mfundo ndipo akalipentala amatsitsa mtengo. Zonsezi zimakhala mu pulani. Lifuneni pepalalo bambo musanamalize kulipira.

Chiperoni_77:
Chabwino madala, koma funso linali lakuti imumanga kapena ayi.

Mlangizi_wopuma:
Ndiyankhe pamenepo. Pa malo a liizi ngati amenewa, pulani imene malemu anapanga ndi alangizi inali yowathandiza iwowo kuyendetsa munda wawo, ndipo siisamukira kwa inu yokha tsiku limene dzina lasintha pa liizi. Ofesi ya za malo ndi ofesi ya za nkhalango ndi ziwiri zosiyana, musayembekezere kuti ina ikauza inzake kuti malo akuti agulidwa. Ndinu amene mukuyenera kupita kwa a DFO, mkulu wa za nkhalango wa boma lonse, ku Thyolo boma, mukadzionetse kuti ndinu mwini watsopano ndipo mukafunse ngati ali ndi fayilo ya munda umenewo. Nthawi zina kope sikhala ku boma koma kwa mlangizi wa dera amene ankayendera malowo, nde mufunsenso kuti anali ndani ndipo pano ali kuti. Chilolezo chilichonse chimene malemu anatenga, kaya chodulira mitengo yachilengedwe kaya chonyamulira matabwa pamsewu, chinalembedwa dzina lawo, musachitenge ngati chanu, mukapemphe chanu.

Koma zilipo zimene zimatsatira malo posayang'ana kuti mwini ndi ndani. Werengani liiziyo mzere ndi mzere chifukwa zimene zinalembedwamo zoti malowo azigwira ntchito yanji zigwera inu. Zoteteza m'mbali mwa mtsinje zigwera inu. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene zilango zake anazikhwimitsa mu 2020, likukhudzaninso, makamaka ngati mkatimo muli mitengo yachilengedwe ngati mbawa, kapena ngati mukuganiza zowotcha makala, poti makala amafuna laisensi ngakhale mitengo ili yanu yodzala nokha. Ikanakhala nkhalango ya mudzi, ija imayang'aniridwa ndi komiti ya m'mudzi yoona za chilengedwe (VNRMC), bwenzi nkhani ili ina, chifukwa kumeneko mgwirizano umakhala wa mudzi wonse, komiti ikasankhidwa yatsopano pulani imapitirira.

Mphukira_Makwasa:
Zikomo kwambiri bambo, apa mwanditsegula m'maso. Ku boma ndipita Lolemba.

Make_Thoko:
Ine chimene ndikukuoperani ndi china. Fufuzani ngati mitengo ina sinagulitsidwe kale ili chiimire. Mlongo wanga anagula munda wa paini mbali ya ku Chonde, zonse bwinobwino pamaso pa amfumu, mvula itangosiya kunabwera anyamata ndi macheka atanyamula kapepala kosainidwa ndi mwini wakale koti analipira mitengo 60 ya kumapeto kwa munda. Mitengoyo inali ndi penti yofiira m'munsi, aliyense ankaona ngati ndi chizindikiro cha malire. Nkhani inakafika kwa a gulupu ndipo poti kalata yogulira malo sinatchule mitengo ngakhale pang'ono, anagamula kuti ochekawo adule yawo. Wogulitsayo anali atalandira ndalama mbali zonse ziwiri ndipo anali atasamuka kale. Inali mitengo yonenepa kuposa yonse m'mundamo.

Macheka_Limbuli:
Amayi ifenso ocheka timapwetekeka pa nkhani ngati imeneyi, musatione ngati akuba. Mitengo timalipira mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene mwini munda akufuna chimanga ndi fizi ya ana, koma kudula timadikira mvula ithe kuti galimoto ithe kulowa. Miyezi imeneyo munda ukagulitsidwa kapena mwini wake akamwalira, ndalama yathu ili kuti? Ine masiku ano sindilipira popanda amfumu kusaina komanso kulemba nambala pa mtengo uliwonse. A Mphukira yendani munda wonse phazi ndi phazi, muziyang'ana penti kapena pamene khungwa lasemedwa ndi chikwanje, kenako mufunse ocheka a m'deralo. Timadziwana, akuuzani ngati alipo amene analipira.

Mlomwe_waMuloza:
Nkhani ya mitengo ndi kusintha kwa mwini malo kwathu kuno imawawa kwambiri kuchikamwini. Malo ndi a mbumba. Mwamuna udzale bulugamu kapena paini pa malo a akazi ako, uzilambulira chaka ndi chaka, banja likatha kapena mkazi akatsogola akuuza kuti uzipita kwanu, mitengo n'kutsala kwa alamu. Amalume anga zinawachitikira, anachoka ndi khasu ndi chikwama. Nde mukamadabwa kuti bwanji amuna ambiri safuna kudzala mtengo wa zaka 20 chifukwa chake n'chimenecho.

NaBanda_waLuchenza:
Koma achimwene mitengoyo imatsalira ndani, si ana ake omwe? Mukulankhula ngati yapita kwa alendo. Ifenso amayi timaona zina, bambo amadula munda wonse ali pafupi kuchoka kuti asasiye kanthu, ana n'kutsala ndi zitsa.

Mlomwe_waMuloza:
Imatsalira ana pakamwa pokha. Amene amagulitsa ndi mwinimbumba.

NaBanda_waLuchenza:
Si mabanja onse. Musatinamizire mtundu wonse chifukwa cha banja limodzi.

Mlangizi_wopuma:
Lamulo la za nkhalango limazindikira kuti amene wadzala kapena kuteteza mtengo pa malo amene ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, mtengowo ndi wake. Vuto limabwera ufulu wa pamalowo ukatha. N'chifukwa chake ine ndinkauza mabanja kuti tsiku lodzala likhalenso tsiku lolemba, pamaso pa amfumu ndi mwinimbumba, kuti mitengoyi ikadzakhwima adzadula ndani ndipo ana adzapeza chiyani.

Admini:
Nkhani ya chikamwini ndi yaikulu, wina aitsegulire payokha. Pano tibwerere kwa a Mphukira.

Mphukira_Makwasa:
Abale ndabwerako ndipo pali nkhani. Ku ofesi fayilo sinapezeke koma anandilozera kwa mlangizi wa dera, iye n'kundiuza kuti ndifunse mkulu wina amene ankalondera mundawo nthawi ya malemu. Ana aja sanamutchule n'komwe, ndipo chimwalirire bwana wake palibe amene anamuuza kuti apitirize kapena asiye. Ndamupeza pakhomo pake kumunsi kwa munda. Atamva chimene ndabwerera analowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku kachikuto cholimba, konga kaja amalembamo ngongole pagolosale, katakulungidwa mu jumbo. Tsamba loyamba ndi mapu ojambula ndi bolopeni, munda wagawidwa zigawo 6 kuyambira A mpaka F, mtsinje waujambula ndi inki yabuluu. Chigawo chilichonse chili ndi masamba ake. Bulugamu wa chigawo B, amene ndimamuona ngati wabwino kwambiri, palembedwa kuti anadulidwa 2009, 2016 ndi 2023. Chigawo C chinadulidwa kamodzi kokha. Paini anadzalidwa 2008, anapatulira 2016, ndipo pali mzere woti apatulirenso 2022 koma palibe chosonyeza kuti zinachitika, malemu anali atayamba kale kudwala. Kumapeto kuli tsamba lina losainidwa ndi a nyakwawa loti anthu a m'mudzi azitola nkhuni zouma Loweruka lililonse, iwo azithandiza kulambula malire otchinga moto mu Juni, komanso loti mitengo ya m'mbali mwa kasupe amene mudzi umatungako isadulidwe. Za mitengo yogulitsidwa chiimire palibe, ndipo mkuluyo akuti palibe amene analipira.

Kapitawo_wakale:
Mwaona? Chigawo B chadulidwa katatu, mphukira zimene mukuziona mwina ndi zomaliza. Pitani mukaone zitsa zake. Chitsa chodulidwa kambiri chimakhala chachikulu chotambalala, pakati pofumbwa kapena pabowo, mphukira zikutuluka m'mphepete mokha, ndipo mukayang'anitsitsa muona zipsera za kudula kwakale zitasanjikizana. Muwerenge mzere umodzi wonse, zingati zamoyo zingati zakufa. Ngati anadzala mamita 3 mbali zonse hekitala imayenera kukhala ndi mitengo pafupifupi 1,100, ngati mamita 2.5 ndi 1,600. Mukapeza kuti zambiri zinafa, chigawo chimenecho muchiwerengere ngati malo ofunika kudzalanso, ndipo pamenepo muli ndi pokambira mtengo ndi anawo. Muonenso ngati mphukira za 2023 zinapatuliridwa kusiya ziwiri kapena zitatu pachitsa, chifukwa zikasiyidwa zonse mupeza timapolo ta mpanda basi. Paini uja wachedwa kupatulira koma sanatayike. Musamugwetse yense chifukwa chofuna kubweza ndalama msanga, chotsani yopotoka ndi yoponderezedwa, yabwino isiyeni inenepe. Mupatulire pang'onopang'ono poti mitengo yothithikana nthawi yaitali imakhala yaitali yoonda, mukaitsegulira kwambiri kamodzi mphepo imaigwetsa.

Chiperoni_77:
Za zaka zodulira ndavomera, n'zothandiza. Koma tsamba la a nyakwawalo ayi. Munthu wagula malo ndi ndalama zake azilola mudzi wonse kulowa Loweruka lililonse chifukwa malemu analonjeza? Lero atola zouma, mawa adula zaziwisi n'kuzisiya ziume. Tonse timadziwa mmene zimayambira.

Make_Thoko:
Nde mukufuna awatsekere? Kuno ku Thyolo komwe anthu alibe potola ngakhale kamtengo kophikira, mbali iyi tiyi mbali iyo makademiya? Ayesere aone.

Chiperoni_77:
Kusowa kwa malo si mlandu wa a Mphukira.

Kapitawo_wakale:
Si mlandu wawo zoona, ndipo lamulo siliwakakamiza kusunga lonjezo la munthu wina. Koma a Chiperoni ndikufunseni, moto ukabuka Okutobala dzuwa lili pamutu, a Mphukira ali ku ntchito, azimitsa ndani? Mahekitala 7 mlonda mmodzi sangawateteze. Pa esiteti tinali ndi alonda ambiri, mathirakitala ndi mabawuza amadzi, komabe zigawo zimene zinkapsa kawirikawiri zinali zija zoyandikana ndi midzi imene tinkakangana nayo. Malemuwo anaganiza bwino, nkhuni zouma kwa iwo zinali zopanda ntchito, ndiponso zikachuluka pansi n'zimene zimakoleza moto, nde anazisinthanitsa ndi manja olambula komanso maso a mudzi wonse. Chimene ndingasinthe n'chakuti mgwirizanowo ulembedwenso m'dzina la a Mphukira, wa chaka chimodzi chimodzi, osalowa ndi nkhwangwa kapena chikwanje, ndipo akapezeka wodula yaiwisi nkhani ipite kwa a nyakwawa omwewo.

Sapitwa_3002:
Za kasupezo musakambirane n'komwe, zisiyeni mmene zilili. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kuno ku Mulanje, miyala ndi matope zikutsika m'phiri kukwirira midzi, sitifunanso kuuzidwa za kudula mitengo pamalo otsetsereka. Phiri la Thyolo lija linali nkhalango yowirira, yang'anani lero mmene lilili.

Mlomwe_waMuloza:
Komatu bulugamu yemweyo ndi amene amaumitsa akasupe. Ngati m'mbali mwa kasupemo muli bulugamu bola achotsedwe.

Mphukira_Makwasa:
Si bulugamu, ndi mitengo yachilengedwe, mbawa zingapo, mikuyu ndi nsungwi. Bulugamu anayambira patali ndithu.

Sapitwa_3002:
Nde malemuwo ankadziwa chimene akuchita. Chigawo B mukamadzadzalanso bwanji osayesako mkungudza? Ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984 ndipo m'phirimu unatha ndi macheka, a Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akulimbana ndi kuubwezeretsa.

Mlangizi_wopuma:
Mtima ndi wabwino koma mkungudza kwawo ndi pamwamba pa phiri, kozizira ndi kwa nkhungu, ndipo umakula mochedwa. Adzale ingapo pakhomo ngati akufuna, koma chigawo cha bizinesi chikhale cha mtengo umene ukugwirizana ndi malowo. Mbewu yabwino akafunse ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango ku Zomba, kapena kudzera kwa a DFO, asatole njere pansi pa zitsa zotopazo.

Ndibwerere ku kabuku kaja chifukwa ndikuona kuti pali zofunika kuchita msanga. Kajambuleni tsamba lililonse pafoni lero lomwe ndipo mukapange fotokope, imodzi kwa loya, imodzi kwa mlangizi wa dera. Kabukuko ndi katundu wa malemu, nde anawo adziwe kuti kapezeka ndipo kalata yogulitsira inene kuti akukupatsani limodzi ndi malo. M'kalata momwemo mulembedwe poyera kuti mitengo yonse yoimirira ikugulitsidwa pamodzi ndi malo, kuti ogulitsa akutsimikiza kuti palibe mtengo umene unagulitsidwa kapena kuikidwa chikole kwa munthu wina, ndi kuti kuyambira lero mpaka tsiku lomwe dzina lisinthe palibe wodula kanthu. Nthawi yodikira mapepala ndi imene minda yambiri imaonongeka, wogulitsa amati si wanganso, wogula amati sunakhale wanga, moto ndi akuba n'kupezerapo mpata. Nde mugwirizane kuti miyezi imeneyi akulipira mlonda ndani ndipo akulambula ndani. Pomaliza muyende malire onse ndi mkulu uja, a nyakwawa ndi mmodzi mwa anawo, mukupeza mabikoni, chifukwa mapu a bolopeni ndi mapu a pa liizi akhoza kusiyana ndipo a pa liizi ndi amene amagwira ntchito.

Macheka_Limbuli:
Zoona za nthawi yodikirayo. Ngakhale minda ikuluikulu zimachitika. Chikangawa ndi mahekitala 53,000 koma pamene magawo anayamba kuperekedwa kwa anthu osiyanasiyana, kudula kunathamanga kuposa kudzala, moto n'kumalizitsa. Amene tinkapita kukagula matabwa kumeneko tinaona mapiri akuyera.

Chiperoni_77:
Nde mwati atsatire pulani ya malemu mmene ilili?

Mlangizi_wopuma:
Ayi. Mbiri ya munda aitenge yonse, zaka zodzalira, zodulira, malonjezo. Koma zolinga n'zake. Malemu mwina ankagulitsa nkhuni ku mafakitale a tiyi, a Mphukira mwina akufuna mapolo kapena matabwa, ndipo zimenezo zimasintha zaka zodulira. Akhale pansi ndi mlangizi alembe pulani yatsopano ya zaka 5 kapena 10 yoyambira pamene kabuku kanalekezera.

NaBanda_waLuchenza:
Ndipo mkulu wolonderayo musamutaye. Wasunga kabuku nthawi yonseyi popanda malipiro. Muwafunse anawo ngati ali naye ngongole ya malipiro, alipire iwo asanalandire ndalama yotsala, isadzagwere inu.

Mphukira_Makwasa:
Ndalankhula ndi wamkulu wa anawo pafoni. Za kalata ndi za malipiro a mkulu uja wavomera, akuti sankadziwa kuti akadali pamalopo. Za kutsitsa mtengo chifukwa cha chigawo B wakana, akuti tinagwirizana kale. Ndamuuza kuti tikawerengere limodzi zitsa Loweruka likubwerali aone yekha, wati abwera ndi mlongo wake. Funso lina a Kapitawo, ngati titagwirizana, chigawo B ndidzale chaka chino chomwe kapena ndidikire mphukirazi zikhwime kaye?

Kapitawo_wakale:
Zitengera zimene mupeze Loweruka. Ngati zitsa zamoyo zikadali zambiri, patulirani mphukirazo muzisiye zikule, mudzadule komaliza ndipo ndalama yake idzalipire kudzalanso. Ngati mipata ndi yambiri musataye zaka, konzani nazale, machubu muyambe kuthira Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande zikhale zokonzeka nyengo yodzala ikamatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo mudzale mvula itakhazikika, osadikira kumapeto mu Epulo. Mudzale pakati pa mizere yakale, ndipo mphukira za zitsa zakalezo muzizithyola zisaphimbe mbande. Chiswe muchiyang'anire chaka choyamba, pa bulugamu wamng'ono chimavuta. Mukawerenga mutiuze manambala a mizere itatu kapena inayi, ya kumtunda, pakati ndi kumunsi, osati umodzi wokha wa m'mbali mwa njira poti umenewo umakhala wabwino kuposa yamkati.

Macheka_Limbuli:
Mutengenso tepi muyeze paini angapo pa msinkhu wa pachifuwa, mutumize pano. Ndikuuzani ngati yopatulirayo ingatuluke matabwa kapena ndi ya mapolo chabe.